Mapewa Amene Tinathera pa Maliro a Munthu Wamoyo

Tawanda, tsitsa chinthucho. Pang'onopang'ono, usachiponye, ungaswe sitepe ya agogo ako aakazi. Eya. Tsopano bwera ukhale apa. Rumbi, siya foni, kaitane ang'ono ako. Ndilankhula Chichewa, amene sakumva afunse mnzake, chifukwa Chishona changa chimathawa ndikapsa mtima.

Ndakhala ndikukuyang'ana pawindo, Tawanda, iwe ndi zitini zako za simenti zimene wazisomeka ku paipi. Umadzuka m'mabulangete, manthongo ali m'maso, thupi likadali lozizira, basi wayamba kale kutsitsira chipaipicho kuseri kwa khosi, mutu utausuzumiritsa kutsogolo ngati kamba. Ukuti ukufuna chifuwa. Sindikukana, chifuwa n'chabwino, atsikana a ku Glen View amachiona. Koma taonani kuno, ana inu nonse. Dzanja langa lamanjali ndikulikweza. Mwaona pamene laima? Pa thumba la shati. Likafika pamenepa ndiye kuti lafika kumwamba kwake. Chipewa ndimavala ndi lamanzere. M'minibasi, kombi zanuzi, sindigwira chitsulo cham'mwamba chija, ndimagwira munthu amene ndayandikana naye, ndipo si onse amakondwera nazo.

Rumbi anandiuza tsiku lina kuti aphunzitsi ake ananena m'kalasi kuti anthu a ku Malawi amapatsana moni ndi dzanja lamanzere, akuti ndi mwambo wawo. Ukawauze kuti si mwambo. Kwathu lamanzere ndi lachipongwe. Kungoti madala asanu ndi mmodzi a m'Tafara muno tinaononga mapewa athu nyengo imodzi, pa ntchito imodzi, ndipo ntchito yake inali maliro a munthu amene anali asanamwalire.

Inu munabadwira pa simenti, madzi mumatunga pa mpope, ukakumbukira kutulutsa. Ife tinakulira ku pulazi ya fodya cha ku Mvurwi, m'komboni ya nyumba za udzu. Bambo anga anafika kumeneko wapansi kuchokera ku Dedza, ndi bulangete limodzi ndi kampeni, akudya chimanga chokazinga m'njira. Ku pulazi ntchito inali ya mgwazo. Mgwazo ndiye kuti foromani wakuyezera gawo lako la tsikulo, mizere yakutiyakuti kapena matumba akutiakuti, ukamaliza uweruke. Ndiye munthu sunkaganiza za thupi, unkaganiza zomaliza. Thumba la feteleza anzako awiri ankaligwira m'makutu, kuliponya pa phewa lako, iwe liwiro. Ndipo kuwawa sikunkanenedwa. Ukati phewa likupweteka, foromani ankati, "Pepa, kapume," mawa upeza wina waima pamalo pako, nyumba yakonso akuiyang'ana. Choncho tinaphunzira zinthu ziwiri, kufulumira ndi kukhala chete. Ku pulazi ziwirizi zinkatidyetsa.

Masiku ano ndikumva kuti m'tauni muli nyumba zimene anthu amapitako kukanyamula zitsulo patsogolo pa galasi, nyimbo zikulira, akamaliza n'kumwa ufa wa m'chitini. Nthawi imeneyo wina akanatiuza kuti kudzakhala anthu onyamula katundu n'kumubweza pomwe anamutenga, tikanamutengera kwa sing'anga. Sitinkadziwa kuti tidzayamba ndife.

Pa pulazi yomweyo panali a Zuze. Akuluakulunu mukuwakumbukira pang'ono, aja ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kumapeto kwa mzere wathu. Anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, anafika ali ngati bango, nthiti zikuwerengeka. Thupi linawapeza kuno kutauni, mapulazi atatha, ife tonse titatsika pa Mbare ndi mitolo pamutu, osadziwa basi yokwera. Iwo anayamba kugulitsa zam'kati za ng'ombe pa msika, ndipo zikuoneka kuti zosagulidwa sankazitaya. Anakula mpaka makondakitala akawaona akubwera ankatseka chitseko n'kunena kuti kombi yadzaza, muli anthu atatu. Ndiwo anali apampando a sosaite yathu ya maliro, ife a ku mapulazi, Amalawi ndi a ku Tete pamodzi, chifukwa munthu wopanda mudzi amaikidwa ndi anzake.

Akazi awo anamwalirira ku pulazi, nyengo yothyola fodya. Foromani anakana kumasula amuna oti anyamule maliro, anati fodya sadikira, bokosi likwere ngolo ya thirakitala. Woyendetsa thirakitala pa pulazipo ndinali ine. Ngoloyo m'mawa mwake inali itatuta manyowa, ndinangoisesa ndi nthambi. Msewu wa kumanda unali wa miyala, bokosi likudumpha, a Zuze akuthamanga pambuyo m'fumbi, poti thirakitala inkafunika kubwerera msanga. Za tsiku limenelo sanandiuzepo mawu ngakhale amodzi. Ana inu, munthu akakutukwana amakupeputsa. Amene amangokupatsa moni bwinobwino zaka zonse, ameneyo ndiye katundu.

Tsiku lina a Zuze anadwala. Shuga, miyendo kutupa, kupuma mwawefuwefu. Anatiitana ife amuna a sosaite pansi pa mtengo wawo uja, atafunda bulangete dzuwa lili pamutu.

"Abale anga, ine ndikupita," anatero. "Mvula ikubwerayi sindiiona. Ndikupempha chinthu chimodzi. Musadzandikweze pa chinthu cha matayala. Dziko lino ndinalowa ndi miyendo, kumanda ndidzapite pa mapewa a anthu anga a ku pulazi."

Ife sitinkayang'ana nkhope yawo, tinkayang'ana mimba. Kuchokera pamenepo kukafika kumanda a ku Mabvuku si pafupi, ndipo pali kachitunda.

Alamu anga a Jailosi, achimwene a agogo anu aakazi, anakhosomola. "Bambo Zuze, nanga wilibala? Tayala lake ndi limodzi lokha."

"Tayala ndi tayala, a Jailosi."

"Ngakhale titalichotsa mpweya?"

"A Jailosi, ndikufa ine, musandiseketse."

Ine ndinangopezeka ndaimirira. "Tidzakunyamulani, bambo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndamva, a Mbewe." Anzanga asanu anavomera pambuyo panga, mmodzimmodzi, ngati anthu olowa m'madzi ozizira.

Tili m'njira a Jailosi anati, "Alamu, mwatilonjezetsa ng'ombe." Sankanama. Matumba tinali titasiya kalekale. Wina ankagulitsa maswiti ndi ndudu pa kona, wina ankalondera sitolo atakhala pa kireti, manja athu anali atasanduka mapesi. Tinagwirizana kuti tiyambe kudzilimbitsa, mvula isanatipeze.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba sukulu ya akuluakulu ku tchalitchi, imvi zili kale mbuu, ndikukhala pa benchi ya ana a Sande sukulu mawondo ali m'chibwano. Ndiye anzanga anati, "A Mbewe ndiwo ophunzira, akhale foromani." Nanga ophunzirawo nzeru anazitenga kuti? Pa nyuzipepala yokulungira nsomba. Panali chithunzi cha chimunthu chonyezimira, chitanyamula chitsulo kuseri kwa khosi. Mawu apansi pake anali a Chingerezi, ndipo theka anali atadyedwa ndi mafuta a nsomba. Mwina ankati musamachite chonchi. Sindidziwa.

Tinapeza ekiselo ya galimoto kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndi zitini ziwiri za penti. Koma zofanana zinasowa, china chinali chachikulu, china chaching'ono. Tinathiramo simenti ndi miyala, tinakhala pansi kukambirana, ndipo tinagwirizana kuti chachikulucho chizikhala kumanja, poti lamanja ndiye dzanja la ntchito. Palibe anatsutsa. Zinkamveka zanzeru.

Ndipo tinaika mgwazo. Aliyense akweze kakutikakuti asanamwe tiyi. Inali nyengo yozizira, ija imang'amba milomo. Tinkafika kwa a Zuze mbandakucha, kuvula majekete, osatambasula ngakhale chala, basi kulimbana ndi ekiselo. Kuizula pansi ndi msana miyendo itawongoka, kuiponya m'mwamba mogwedeza, kuigwetsera kuseri kwa khosi, kuikankhanso, msangamsanga kuti mnzako asakupitirire. Tsiku ndi tsiku, chifukwa ku pulazi kunalibe zoti lero mapewa akupuma. Wina akamaliza msanga tinkamuonjezera njerwa, kuimangirira ndi waya.

A Zuze ankatiyang'anira okha, ali pampando, bulangete m'miyendo. "A Jailosi, imeneyo sinafike pamwamba, sindiwerenga. Mukadzatero ndi ine ndidzatsika."

Panalinso vuto lina. Munthu wodwala amazondedwa. Amayi a sosaite ankabwera ndi mbatata, maungu, mahewu, nkhuku yokazinga, kuti bambo adye kotsiriza. Ndiye ankadya kotsiriza katatu pa tsiku. Ife tikuonjezera njerwa ku ekiselo, iwonso akuonjezera kwawo. A Jailosi anaimitsa mayi wina pageti, mbale ili pamutu. "Mayi, chonde, chilichonse chili m'mbalemo tidzachisenza ndife."

Loweruka lina tinati tiyesere zenizeni. Tinazula chitseko cha kukhitchini kwawo, a Zuze anagonapo chagada, manja pachifuwa, anatsinzina kuti zifanane. Tinawakweza, mmene tinawakwezera akudziwa ndi Mulungu, tinatuluka nawo pageti. Mayi wina Mshona woyandikana nawo anationa, anaponya tsache, anayamba kulira mokuwa. Mzere wonse unatuluka. Mayiyo anafika pafupi akupepesa maliro m'Chishona, ndiye malirowo anadzutsa mutu. "Zikomo mayi, koma mwafulumira. Mubwerenso mvula ikayandikira." Mayi uja anathamanga mpaka ku mashopu, nsapato imodzi anaisiya pomwepo. Abusa anamva, anatiletsa za chitseko, ndipo sitinayeserenso kunyamula munthu.

Mapewa anayamba mwakachetechete. Poyamba ndi kuwawa kwa kutsogolo kuno ukamakweza dzanja, ngati wina wakubaya ndi singano yosokera matumba. Kenako sugonera mbali imeneyo. Kenako jekete limasanduka mdani, ukalowetsa dzanja limodzi, linalo umalisakira malo kumbuyo misozi ikulengeza. Aliyense ankamva, ndipo aliyense ankayesa kuti ndi yekha. Foromani ndinali ine, ndani akanandiuza? Nanga ine ndikanauza yani? Ku sukulu kuja aphunzitsi athu, kamtsikana ka msinkhu wa Rumbi, ankati wodziwa yankho akweze dzanja. Ine mayankho ena ndinkawadziwa ndithu. Anandibwerezetsa kalasi.

Zinaululika pa msonkhano wa sosaite. Panali nkhani yogula mapoto aakulu a pamaliro, nkhani imene tonse tinkaifuna. A Zuze anati, "Ovomereza akweze manja." Amayi anakweza. Ife amuna asanu ndi mmodzi tili phee. Anabwereza. Tili phee, thukuta likutsika.

"Kodi mwandiukira?"

A Jailosi anayesa. Dzanja linanyamuka, linafika pa lamba, nkhope yonse inakwinyika, analibweza. Kukweza lamanzere pamaso pa apampando kunali kosayenera. Mapoto sanagulidwe mwezi umenewo.

Ngakhale zinatero, m'mawa mwake tinabwerera ku mgwazo, ndipo phewa langa linathera pomwepo. Ndinagwetsera ekiselo kuseri kwa khosi monga mwa masiku onse, pokankha ndinamva kuti thu m'kati mwa phewa, ngati lamba wa chigayo akaduka. Dzanja linangofa. Ekiselo inapendekera kumanja, inatsetsereka pamsana, n'kukaphwanya mphika wa mahewu. A Zuze anayang'ana mahewu awo akuyenda pansi, anati, "Imeneyonso sindiwerenga."

Agogo anu aakazi ndiwo anatikusa tonse ngati mbuzi kupita nafe ku kiliniki. A Zuze anabwera nawo kudzayezetsa shuga, anatsala panja. M'katimo munali sisita wina wamfupi, wodziwa za mafupa ndi minofu. Ankalankhula Chishona, ine ndikukuuzani m'Chichewa. Anatiimika pamzere, anati tikweze manja. Anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Asekuru, agogo inu, munagwa m'lole imodzi?"

"Ayi sisita, tikukonzekera maliro."

"Pepani. A ndani?"

"Ali panjapo, akudya chimanga chootcha."

Titamufotokozera za ekiselo, anakhala pansi, anavula magalasi, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala. Kenako anasiya kuseka.

"Phewa si mtondo woti munsi umalowa m'kati n'kukhazikika," anatero. "Lili ngati chipanda pa nkhata. Chimene chimaligwira kuti lisagwe ndi timinofu tating'ono, topyapyala, tolizungulira. Mukatengera katundu kuseri kwa khosi, zigongono zili kumbuyo, chipandacho mwachiika m'mphepete mwa nkhata, ndiye mwachisenzetsanso mwala. Mwachita zimenezi thupi lili lozizira, mothamanga, tsiku ndi tsiku, mbali ina yolemera kuposa inzake. Chimene simunachite n'chiyani?"

"Sitinadandaule," anatero a Jailosi monyada.

"Chachikulu mwalakwa ndi chimenecho."

Langa anati mnofu wang'ambika, ndipo pa msinkhu wanga sudzabwerera pamene unali. Anzanga ena anali otupa m'kati, ena ong'ambika pang'ono, koma onse kumanja. "Lamanzereli mulisunge ngati mwana mmodzi wotsala," anatero.

Tawanda, tchera khutu apa, chifukwa izi ndinasinthanitsa ndi dzanja. Anati musanakhudze cholemera chilichonse, yambani mwayenda, mwazunguza manja, mpaka thupi lifunde. Muyambe ndi chopepuka choti mungachikweze mukucheza, muzionjezera pang'ono pakapita masabata, osati chifukwa mnzanu waonjezera. Katundu azidutsa kutsogolo kwa nkhope, pamene maso akumuona, ndipo zigongono zisatambalale ngati mapiko a nkhuku. Chochokera pansi chinyamulidwe ndi miyendo, mawondo opinda, msana wowongoka, katundu ali pafupi ndi mimba ngati mwana. Potsitsa muzitsitsa ndinu, chisamadzitsitse chokha. Mukalimbitsa lero, mawa mupume, chifukwa mnofu umakula tsiku lopuma. Ndipo kutopa ndi kwina, kubaya ndi kwina. Kukabaya, siyani pomwepo, nenani.

Za kupumazo tinakangana naye. Munthu n'kulimba atakhala pansi? Foromani wathu wakale akanamva akanakomoka. Koma amene anali ndi manja onse awiri m'chipindamo anali sisita, ndiye tinagonja.

Anatiuza tipeze machubu akutha a njinga. Kumangirira ku mtengo, chigongono chitakanirira m'nthiti, kukokera dzanja kunja pang'onopang'ono, kubweza. Ndi botolo la madzi lokweza m'mbali. Taganizani, madala amene ankathamanga ndi matumba a feteleza, ataima mozungulira mtengo wa mapeyala, aliyense akukoka kachubu kake. Ana a mumzere ankati tikupanga malegeni ophera ndege. A Zuze zinawanyansa. "Mukufuna kudzandinyamula ndi mphamvu za botolo? Chabwino. Ndidikira. Sindifa mpaka mulimbe."

Ndipo sanafe. Mvula inabwera, anaiona. Inabweranso ina, anaiona, anadandaula kuti yachepa. Amayi anatopa kuwaphikira kotsiriza. Ife tinachoka pa botolo kufika pa njerwa, pa njerwa kufika pa kathumba ka mchenga kokumbatira pachifuwa, kunyonyomala ndi kudzuka, lero ntchito, mawa kupuma. Ekiselo ija inasanduka chotsekera geti. Zaka zinapita, iwe Tawanda unabadwa, unamera mano, unayamba sukulu, ife tikukokabe machubu. Palibe mwa ife asanu ndi mmodzi anayerekeza kufa. A Jailosi anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, a Zuze anatumiza uthenga wakuti, "Muwauze asandizembe," ndipo anachira.

Anapita m'mawa wina wa dzuwa, ali pampando wawo, akutiwerengera. Anawerenga, anawerenga, kenako anasiya. Ife tinakhala titakoka machubu, tikudikira nambala yotsatira. A Jailosi anati, "Bambo Zuze, tibweze?" Sanayankhe.

Mwana wawo Luwizi anabwera kuchokera ku Joni, wa suti yakuda ndi magalasi akuda, ndipo anaitanitsa galimoto yamaliro, yaitali, ya makatani. Atamva za ife anandikokera pambali.

"Bambo Mbewe, musandichititse manyazi. Anthu adzati Luwizi walephera kuika bambo ake. Galimoto ndi iyi."

"Mwana wanga, bambo ako anati tayala ayi."

"Ankangolankhula, anali odwala."

"Analankhula zaka zonsezi. Ankatisiya tsiku lopuma lokha."

"Nanga mukawagwetsa?"

"Galimoto yako izibwera pambuyo. Tikawagwetsa, itinyamule tonse asanu ndi awiri."

Anayang'ana manja athu, anayang'ana bokosi, limene amisiri a ku Glen View analipanga kukula ngati wadiropu. Anapuma mpweya wautali. "Chabwino. Koma anyamata aziyenda pambali panu."

Tsiku loika, bokosi linatulutsidwa, linaikidwa pa mabenchi awiri pabwalo. Abusa anati onyamula afike. Tinafika tonse asanu ndi mmodzi, majekete otsuka, ndipo tonse tinaima mbali imodzi. Tinayang'anana. Ganizani bwino, ana inu. Woima kumanja kwa bokosi amasenza ndi phewa lamanzere. Woima kumanzere amasenza ndi lamanja. Zaka zonse zija, machubu onse aja, palibe mmodzi anaganizapo zimenezi.

Anyamata a kutchalitchi anati, "Asekuru, mbali iyi tigwire ndife." Anali ndi nzeru anawo. Koma a Jailosi anati, "Mapewa athu anatsogola kale pa maliro ano, mukufuna eni ake atsale?" Anazungulira bokosi, anakaima mbali inayo, anakanda m'mutu, kenako anatembenuka kuyang'ana kumene tikuchokera. Phewa lawo lamanzere linagunda bokosi.

"Alamu, bwerani. Kumanda sikusowa, ngakhale chambuyo munthu amafika."

Ndinapita, ine ndi mnzathu wina, tinatembenuka nafenso. Atatu kuyang'ana kutsogolo, atatu kuyang'ana kumbuyo. Tinapinda mawondo, misana yowongoka, ndinati tikweze. Anyamata anathandiza kufikitsa pa mapewa, kenako anayenda pambali pathu manja ali tcheru. Amayi anayi ananyamula mabenchi aja. Agogo anu aakazi anayenda moyang'anizana nane, ndiwo anali maso anga. "Dzenje, a Mbewe, pitani kumanja. Ayi, kumanja kwanga! Madzi a suweji awo, tambasulani mwendo." Ngakhale pa ukwati wathu sitinayang'anane nthawi yaitali chotero.

Wina akati kwabaya, tinkaima, mabenchi pansi, a Zuze pa mabenchi, ife kupuma. Palibe anachita manyazi kunena. Tinapuma pa mashopu, tinapuma pa mpope, pa kachitunda paja ndiye tinapuma mpaka kwaya inatha nyimbo n'kuyambiranso. Makombi anaima, anthu anatuluka m'nyumba. Ndinamva bambo wina akuuza mwana wake m'Chishona kuti ndi mmene Amalawi amaikira mafumu awo, kuti mzimu usokonezeke usadziwe njira yobwerera.

Anzathu atatu ankaona njira. Ife atatu tinkaona anthu. Ndinaona amayi a sosaite akuimba, ena akulira, ena akubisa kuseka m'zitenje, ena zonse pamodzi. Ndinaona Luwizi, magalasi ali m'thumba, nkhope yonyowa. Ndinaona galimoto yaitali ija ikukwawa pambuyo pa onse, yopanda kanthu, dalaivala atatsamira chiwongolero. A Zuze ankalemera, ana inu. Mbatata zonse zija, nkhuku zonse zija, ndinazimva pa fupa ili. Koma sindinafune kuti apepuke.

Tinalowa pageti la manda dzuwa litapendeka, ine chambuyo. Tinawatsitsa ndife, pang'onopang'ono, mawondo opinda, mpaka bokosi linakhudza pansi osamveka. A Jailosi anawerama, anasisita thabwa, anati, "Tafika, bambo. Palibe tayala lakukhudzani." Pobwerera miyendo inakana. Luwizi anatitsegulira galimoto yake ija kumbuyo, tinalowamo tonse asanu ndi mmodzi, chogona, ndipo dalaivala anatseka makatani kuti tisaopseze anthu.

Mwa asanu ndi mmodziwo tatsala awiri. Enawo atangomasuka anapita motsatizana, ngati anthu amene amaliza mgwazo. Ine sindilemera ngati a Zuze, ndipo za matayala sindikangana nazo kwambiri, mudzaona nokha chimene chilipo. Koma mukadzafuna kundinyamula, iwe Tawanda ndi anzako, ndikupempha chimodzi. Nonse mudzayang'ane kumene mukupita.